Tsiku limene ndinakana a padirinyu anga

Ntchito yanga yoyamba sindinaifunefune ayi, inandipeza ndikukumba mbatatesi m'munda wa amayi ku Fonte Boa. Ndinali nditamaliza maphunziro a za mankhwala ku Tete, dipuloma ili pansi pa matilesi, mwini wake ali ndi khasu m'manja. Amene anaimba telefoni ndi a Anselimo, a padirinyu anga, amene anandinyamula pa ubatizo. Iwo ankaphunzitsa za mankhwala pa univerisidadi ina kumzinda, ndipo akabwera kumudzi, azibambo ankavula zipewa galimoto isanaime n'komwe.

"Rozaliya, samba m'manja upite ku Vila," anatero. "A Dotora Jasinta akufuna munthu wa maso akuthwa. Ndawauza kuti ndiwe."

Ndinapita ku Vila ya Ulongwe m'mawa mwake ndikudziona kale nditavala jasi loyera, ndikugawa mapiritsi pa windo. Ha! A Dotora anandidutsitsa farimasiya yonse, mashelefu onse a mankhwala, n'kukandikhazika m'kachipinda ka kuseri momwe munali tebulo, komputa yakale ndi mbaula. Mayi ameneyu anagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala zikuluzikulu, ndipo atapuma anabwerera kwawo n'kutsegula farimasiya. Koma mtima wawo unali m'kachipindako. Iwo ndiwo anali mkonzi wa revisita, magazini ya akatswiri a mankhwala amene amayenda m'mawodi pamodzi ndi madotolo. Inkatuluka pa intaneti kawiri pa chaka, ndipo ankalembamo anthu a m'zipatala za m'maboma osiyanasiyana.

Ntchito yanga inali ya kumchira kwa nkhani. Mlembi akanena kuti mankhwala akutiakuti amavutitsa impso, sangonena za m'mutu mwake, amayenera kutchula amene anafufuza zimenezo. Maina a otchulidwawo amandandalikidwa kumapeto kwa nkhani, lililonse ndi nambala yake. Ine ndinkatenga dzina limodzilimodzi, n'kufufuza nkhani yakeyo pa intaneti ndi DOI, nambala imene nkhani iliyonse imadziwika nayo, n'kuona ngati dzina, chaka ndi masamba zili zolondola. Zimenezo ndi zopepuka. Cholemera chinali kuwerenga nkhani yotchulidwayo kuti ndione ngati ikunenadi zimene mlembi wathu akuti ikunena. Ikagwirizana ndinkapaka mtundu wobiriwira, ndikakayika wachikasu, ikapanda kugwirizana wofiira. Zofiira zinkabwerera kwa mlembi kuti akonze yekha, chifukwa a Dotora anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti: "Iwe suwonjezera dzina, suchotsa dzina. Umangofunsa mwini nkhani."

Masabata oyamba ndinkanyong'onyeka mpaka kuyasamula misozi. Intaneti yake inali yoti modemu uimangirire pa windo ndi chingwe, magetsi akathima uyambirenso. M'miyezi yozizira zala zinkauma pa komputa, ndipo ndinkalemba dzanja limodzi lili pa mbaula. Koma pang'ono ndi pang'ono ntchitoyo inandilowa m'magazi. Ndinayamba kuwadziwa alembi aulesi, amene amatchula nkhani atangowerenga mutu wake, ndi alembi osamala, amene ukatsatira dzina lililonse umapezadi chimene alonjeza. Ndikapeza wosamala ndinkamva kukoma ngakhale sindinamuonepo nkhope.

Panalinso ntchito ina ya kumapeto kwa mwezi, yofufuza ngati pali aliyense padziko amene watitchula ifeyo. Kunja uko kuli mabungwe amene amawerenga kutchulana kumeneku. Amaona kuti nkhani zimene revisita inatulutsa m'zaka ziwiri zapitazo zatchulidwa kangati chaka chino, n'kugawa ndi kuchuluka kwa nkhanizo. Nambala imene yatuluka ndiyo ulemu wa revisitayo. Ikakwera, akatswiri amakutumizirani nkhani zawo zabwino. Ikatsika, mumatola zimene ena ataya. Aphunzitsi a pa univerisidadi nawonso amakwezedwa pa ntchito poona kuti atchulidwa kangati. Ifeyo mabungwewo anali asanatilandire, a Dotora anali akukonzekera kupempha. Miyezi yambiri ndinkafufuza n'kubwerako chimanjamanja. Tsiku lina nditapeza kuti wophunzira wina wa ku Brazil watchula nkhani yathu, a Dotora anavina pang'ono pakhomo, n'kuitanitsa pau, buledi wa kuno, ndi tiyi wamkaka.

Chaka changa choyamba chili pafupi kutha, a padirinyu anabwera kumudzi kudzamanga chiliza cha mchemwali wawo. Lachisanu m'mawa anatulukira ku farimasiya, a Dotora atapita ku chipatala cha boma. Sabata imeneyo tinali kumalizitsa revisita ya mwezi wa Juni, ndipo patebulo panga panali nkhani ya mnzathu wa ku Lifidzi yonena za odwala kuthamanga kwa magazi amene amalandira mankhwala kuno, n'kuwoloka pa Kalomwe kukalandiranso ku Dedza, osadziwa kuti ndi amodzimodzi popeza mapaketi ndi osiyana. Inali nkhani yabwino kwambiri, ndinkainyadira ngati ndalemba ndine.

Ndinawapatsa mpando, ndinawagwadira, tinafunsana za kumudzi. Kenako anatsitsa mawu.

"Mwana wanga, kwanditsalira chaka chimodzi kuti ndipume. Akuti kuti andikweze ndisanachoke, nkhani zanga zitchulidwe kambiri. Azungu amatchulana okhaokha, ife atitchule ndani? Iweyo ndi amene umagwira maina a kumapeto. M'nkhani iliyonse uziikamo zanga ziwiri kapena zitatu. Anzanga a revisita ya kwathu nawo azitchula yanuyi, nambala yanu ikwere. Chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana."

Ndinayankha kuti, "Ndamva, a padirinyu." Kwathu mawu amenewa sakhala inde, sakhalanso ayi, koma munthu wamkulu amawatenga ngati inde. Anandisisita pamutu n'kunena kuti adikira yankho asanabwerere kumzinda Lamlungu.

Atachoka ndinakhala ngati andithira madzi ozizira. Munthu uyu sanali woipa. Bambo anga atamwalira, ndi iwo amene anandilembetsa sukulu ya ku mishoni. Amayi atadwala, ndi iwo anawanyamula pa njinga yamoto. Ngakhale mpando umene ndinakhalapowo unali wochokera kwa iwo. Komanso zimene ananena za azungu zinali ndi choonadi chake, ndinkaziona ndekha mwezi ndi mwezi. Ndiye ndinatsegula nkhani zawo zonse ndi pemphero limodzi, lakuti mwina zigwirizane ndi zathu kuti ndingowauza alembi mwachilungamo. Ndinawerenga mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Nkhani zawo zinali zabwino, koma zinali za kasungidwe ka insulini m'madera otentha. Zathu zinali za kuthamanga kwa magazi, za mankhwala a ana, za malungo a amayi oyembekezera. Panalibe ngakhale chiganizo chimodzi chimene ndikanakolowekapo dzina lawo popanda kunama.

A Dotora atabwera ndinawafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anangovula magalasi n'kukhala pansi.

"A Anselimo ndinaphunzira nawo, ndimawakonda," anatero. "Koma mabungwe aja kutchulana kwa pangano amakuona, ndipo akakugwira amakufufuta. Zimenezo n'zazing'ono. Ganiza za mnzako ali yekha ku chipatala cha kumudzi, akufuna kutsimikiza mlingo wa mankhwala a mwana, watsatira dzina limene tamulozera, n'kukapeza za insulini. Adzatikhulupiriranso?"

Ndinawapempha kuti akawakanire iwowo, poti ndi amsinkhu umodzi.

"Ine ndingawakanire lero lomwe. Koma sanapemphe ine, apempha iwe, ndipo mawa adzabweranso kwa iwe. Pita. Koma usapite wekha, munthu wamkulu sakanidwa ndi mwana popanda womuperekeza."

Ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, mpaka pa msewu wa ku mishoni, n'kuyenda wapansi kukafika kunyumba. Amayi ndinawapeza akupeta nyemba. Atamva nkhaniyo anaika lichero pansi mwamphamvu mpaka nyemba zinadumpha.

"Iwe, ukane a padirinyu ako? Chifukwa cha dzina? Kodi kutchula munthu kumatha chiyani? Pa maliro timatchula ngakhale amene wabwera ndi kamtolo ka nkhuni!"

Kunena zoona ndinapsa mtima, chifukwa ndinali nditatopa komanso ndinali ndi mantha. Koma ndinadzigwira.

"Amayi, pa maliro a bambo, amene ankalengeza anatchula anthu amene sanabwere?"

"Angatchule bwanji munthu woti sanabwere? Anthu angaseke."

"Nanga akanati a ujeni abweretsa ufa, anthu n'kupita kukayang'ana osaupeza?"

 Sananene kuti ndalondola, amayi anga sanena zimenezo. Anangolowa m'nyumba, n'kutuluka atamanga chitenje cha ku tchalitchi, nkhuku ili m'khwapa. "Tiye," anatero. "Koma ukalankhule wekha, ine ndikukangokhala."

A padirinyu tinawapeza pakhonde akuyang'anira anthu opakira simenti ya chiliza. Anatilandira ndi chisangalalo, ataona nkhuku anaseka kuganiza kuti ndi ya chithokozo. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndipo mawu amene ndinakonza m'njira yonse anathawa. Ndinangonena zimene zinalipo.

"A padirinyu, nkhani zanu ndawerenga zonse, n'zabwino. Koma sizikukumana ndi zimene tikutulutsa. Maina a kumapeto ndi a eni nkhani, ine ndilibe mphamvu yoikamo. Ngakhale ndikanakhala nayo, sindikanaika. Tsiku limene kudzabwere nkhani ya insulini, ndidzamuuza mlembi kuti awerenge zanu. Mundikhululukire."

 Nkhope ya a padirinyu inasintha, ndipo anayang'ana amayi osati ine, n'kuwaitana monga padirinyu amaitanira mayi wa mwana wake wa ubatizo.

"Komadire, mwana uyu ndinamunyamula m'manja mwanga."

"Munamunyamuladi," anatero amayi, maso ali pansi. Koma sanasunthe pamene anakhalapo.

"Chabwino. Zikomo chifukwa cha nkhuku. Yendani bwino."

Pobwerera ndinalira njira yonse, amayi akundikalipira kuti ndisiye anthu angaganize kuti kwagwa zovuta. Lolemba ndinapita ku ntchito maso atatupa, ndipo tinatulutsa revisita ili ndi maina okhawo amene eni nkhani anaika.

A padirinyu anasiya kundiimbira. Pa Khirisimasi ndinaimba ine, anayankha mawu awiri n'kudula. Akabwera kumudzi ankandipatsa moni ngati mwana wa mnansi wamba, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Anapuma ntchito asanakwezedwe. Sindinganene kuti kukana kwanga ndiko kunachititsa, sindinganenenso kuti sikunathandizire. Nambala ya revisita yathu nayo sinadumphe ayi, inkakwera mwa kamba, ndipo mabungwe aja atayankha pempho la a Dotora anati tiyambe takula kaye. Ine ndinapitiriza kupaka zobiriwira ndi zofiira, ndipo ntchitoyo ndinkaikondabe.

Patapita zaka ndinapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Kalomwe. Mwambo wathu ndi wakuti padirinyu alankhule pa ukwati wa mwana wake wa ubatizo. Amayi anapita kukawauza, ndipo anabwerako ndi yankho lakuti "ndamva". Mpaka tsiku la ukwati sindinadziwe ngati abwera. Tikutuluka m'tchalitchi ndinawaona atakhala kumbuyo, atakalamba, ali ndi ndodo. Pa madyerero, nthawi ya malangizo itakwana, anadzuka pang'onopang'ono. Sanayang'ane ine, anayang'ana akuchimuna.

"Inu a ku Kalomwe, ndikuchenjezeni," anatero. "Mwana uyu anandikana ine, amene ndinamunyamula pa ubatizo. Anachita kubwera pakhomo panga, kugwada, n'kundikana pamaso. Ndinakwiya, ndipo pang'ono ndikadali wokwiya." Anthu anaseka, iwo sanaseke. "Koma lero m'tchalitchi ndamumva akunena kuti inde. Inuyo mukagone tulo, chifukwa inde wa mwana uyu ndi inde."

Ndinaiwala za diresi loyera, ndinagwada pa fumbi pomwepo, ndipo anandigwira pamutu.

Lero a Dotora anakalamba, ndipo mbali yaikulu ya ntchito ya revisita ili m'manja mwanga. Opempha sanathe. Wina amafuna dzina lake lilowe, wina la bwana wake, wina amalonjeza kuti atitchula tikamutchula. Onse ndimawakana, koma sindikana pa telefoni kapena kudzera mwa munthu wina ngati ali woti ndingamufikire. Ndimayamba ndawerenga zimene analemba, ndimapita ndekha, ndimamupatsa ulemu wake wonse, kenako ndimamuuza kuti ayi.