Mkamwini Wosawerama

Damiano anali wa ku Kabudula, koma ukulu wake wonse anaudyera pamudzi wa mkazi wake Selina, chakumadzulo kwa Namitete, kumene analowa chikamwini ndevu zisanagwirane bwino. Sanali munthu wa mawu ambiri. Anthu ankamudziwa ndi khasu, kenako ulemu. Akaona apongozi ake aakazi, aTisiyenji, akubwera m'njira, ankapatukira patchire n'kunjuta chofulatira mpaka adutse, ngakhale patchirepo pakhale chitedze. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala mudzi umodzi, kumwa chitsime chimodzi, koma sanayang'anizane nkhope kapena kuponyerana mawu. Uthenga pakati pawo unkayenda ndi Selina, apo ayi ndi Nasoni, mchimwene wake wa Selina, amene anali mwinimbumba. Umo ndi mmene zinkayenera kukhalira, ndipo Damiano ankanyadira kuti sanaphonyepo.

Msana unamuthyokera mu 1955, akudzutsa mphanda ya chigafa cha fodya. Anamva kuti khethe cha m'chiuno, nangoima kaye, kenako n'kupitiriza ntchito ngati kuti palibe chachitika. Patapita miyezi mwendo wakumanzere unayamba dzanzi, phazi n'kumakwekwereza pansi. Anamutema mphini msana wonse, anamuthowa ndi masamba otentha, koma ayi ndithu. Wansembe wa ku mishoni atamuona tsiku lina akulowa m'tchalitchi chogwirira zipupa, analemba makalata, ndipo chaka chotsatira, mu Julaye, Damiano anakwera lole mpaka ku Salima, n'kukwera sitima yapamtunda kwa nthawi yoyamba kupita ku chipatala chachikulu cha kumwera.

Kumeneko anamugoneka tulo, namung'amba pamunsi pa msana, nachotsa kafupa kamene kankatsamira mtsempha wa mwendo. Anagona m'chikhakha masabata ambiri akuwerenga malata akudenga. Tsiku lomutulutsa, dokotala anayankhula kudzera mwa womasulira, chala chili m'mwamba.

"Akuti miyezi itatu ikubwerayi musawerame, musanjute, musanyamule kanthu, khasu musaligwire. Mukasunga zimenezi mudzalimanso. Mukaphwanya, mwendowo ukapita sudzabweranso."

Damiano anavomera ndi mutu. Mumtima anawerenga miyeziyo napeza kuti ikutha mu Januwale, anthu atabzala kale, atapalira kale. Dokotalayo ankadziwa mafupa, koma za chikamwini sankazidziwa.

Anafika kumudzi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tsoka lake linali lakuti anabwera atanenepa. Miyezi itatu ya mumthunzi inamusalalitsa khungu, masaya anadzadza, ndipo ankayenda chiwongokere ngati mzati. Chipsera chinali pamunsi penipeni, pamalo poti mwamuna waulemu sangaonetse akuchikazi. Choncho chimene mudzi unaona ndi munthu wonenepa amene sagwira ntchito.

Kuchira kwake kunali kwa pang'onopang'ono, kotopetsa. Anazula chitseko, nachisanjika pa njerwa n'kumagonapo, chifukwa pansi sakanatha kudzukapo. M'mawa ankayenda kuchoka pakhomo kukafika pachulu n'kubwerera, sabata yotsatira n'kupitirirako mpaka pamtengo wa muwanga. Chinthu chikagwa pansi chinkakhala pomwepo mpaka wina atole. Mapazi ankamusambitsa ndi Selina, ana awo awiri aakazi, Idah ndi Florence, akuseka kuti atate asanduka khanda. Tsiku lina Selina akutsuka phazi lakumanzere lija, Damiano anakuwa kuti, "Madziwa akutentha!" Anayang'anizana. Phazi limenelo linali litatha chaka osamva moto kapena minga. Selina analira, ndipo inali misozi yachimwemwe.

Koma Selina yemweyo ndi amene analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha chikondi. Amayi ake akamufunsa kuchitsime kuti munthu uja akupeza bwanji, iye ankayankha msanga kuti, "Ali bwino, amayi. Masiku omwewa agwira khasu." Ankaopa kuti akanena zoona, kuti mwamunayo sangatole ngakhale chisononkho pansi, abale ake aziti munthuyo anatha ntchito. Tisanamizane, mantha akewo sanali opanda pake. Ukwati wa m'tchalitchi sutha, inde, koma mkamwini wodwala amatha kuuzidwa kuti akachirire kwawo, ndipo ochirira kwawo sitinawaone akubwerera. Ana amatsala kuchikazi. Zimenezi Damiano ankazidziwa bwino, ndipo akaona Idah ndi Florence akusewera pabwalo mtima unkamuwawa kuposa msana.

Ndiye kunabwera tsiku la kudambo. Damiano anali atatalikitsa ulendo wake wa m'mawa mpaka kukanjira kopita kumadimba, kopapatiza, mbali zonse bango. Atakweza maso anaona aTisiyenji akubwera, dengu la ndiwo pamutu, pambuyo pawo amayi ena atatu. Thupi lake lokha linafuna kutsika pansi monga linazolowera. Anakumbukira chala cha dokotala. Anavula chipewa, natembenukira kubango, n'kuima chilili, thukuta lili kamukamu. Apongozi anadutsa chapafupi moti chitenje chawo chinamukhudza mwendo. Anangopitiriza ulendo wawo. Amayi atatu aja ndi amene anaiwanditsa nkhaniyo, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa kwa aTisiyenji anaimirira apongozi ake ngati msilikali.

Madzulo ake Nasoni anabwera, nakana mpando.

"Alamu, kodi kuchipatalako anakuchotsani fupa lokha, kapena ndi ulemu womwe?"

"Anandiletsa kunjuta, alamu. Mpaka Januwale."

"Januwale! Mvula ikudikirani inu, eti? Mlongo wanga akugalauza yekha munda wonse, inu mukuyendera chulu. Lero mwawaimirira amayi. Akudandaula kwambiri." Anakhosomola pang'ono. "Ngati matendawa ndi aakulu chonchi, mwina mukanakapumulako kwanu ku Kabudula. Tikambirana ndi ankhoswe anu mvula ikagwa."

Nasoni sanali munthu woipa kwenikweni, koma anali wa anthu aja amene akaona mnzawo wakhala pamthunzi, iwo amamva kuyabwa. Zoti amayi akudandaula anazipeka yekha, poganiza kuti ayenera kuti akudandaula. Damiano akanafunsa kwa yani? Pakhomo pa apongoziwo panali poti ukhoza kuponyapo mwala, koma kwa iye kunali kutali kuposa kuchipatala kuja.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala. M'mawa mwake Selina anapeza khasu la mwamuna wake palibe pakhonde. Anathamanga, namupeza kumunda atayamba kale mzere.

"Abambo ake a Idah, kwangotsala miyezi iwiri! Siyani, ndalima ndekha mpaka pano, ndimaliza."

"Ndikadikira Januwale, ndikamuonera ku Kabudula," anayankha osamuyang'ana. "Ana anga azidzandidziwa ndi dzina lokha."

Analima tsiku limenelo, ndipo anthu odutsa ankagwedeza mitu mokhutira kuti si uyo, ankangodzinamiza. Analima la mawa lake. Tsiku lachitatu, dzuwa litakwera pang'ono, khasu linakola muzu. Anakoka. Sanakuwe nkomwe, anangogwa chafufumimba pakati pa mizere, ndipo atayesa kudzuka mwendo wakumanzere sunamuyankhe.

Selina anali atapita kukatunga madzi. Amene anali pafupi anali aTisiyenji, akubzala mtedza m'munda mwawo, kuseri kwa malire. Anaima kanthawi, nsengwa ya mbewu ili m'manja, chifukwa nawonso mwambo unawamanga miyendo. Kenako anaiponya pansi nsengwayo nadumpha malire. Malaya a Damiano anali atafunyululuka, ndipo anachiona chipseracho: chachitali ngati chikhatho ndi theka, chofiira, chotupa, mabala a ulusi ali ndondondo mbali zonse.

"Mayo ine! Anakudulani chonchi?" Anagwada m'matope namugwira mutu. "Mwana wanga, bwanji simunanene?"

Damiano, ali m'ululu wotero, anayesabe kubisa nkhope yake m'dothi.

"Ndikananena bwanji, amayi? Ndinamva kuti mwakwiya ndi za kudambo zija."

"Ine? Ine ndinaona munthu akunjenjemera miyendo, ndinadziwa kuti china chake chikumuwawa. Ndikafunsa, onse amangoti muli bwino, mwanenepa. Ndikanakufunsani bwanji ine mwini?"

Amenewo anali mawu awo oyamba pa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anawayankhula akulira onse awiri.

Anamunyamula pa chitseko chomwe ankagonera chija. Wansembe analembanso makalata, koma yankho linabwera lakuti palibenso chochita. Mwendowo unafota. Damiano sanagwirenso khasu moyo wake wonse. Ankayenda ndi ndodo ziwiri, atapindika, ndipo panapezeka ndithu opusa ena onena kuti tsopano ulemu wabwerera.

Ku Kabudula sanapite. Nasoni atangoyamba kutchula za ankhoswe, aTisiyenji anamudula pakamwa pamaso pa anthu, namuuza kuti wofuna kuchotsa munthu ameneyo ayambe wachotsa iwo. Nkhaniyo inathera pomwepo. Damiano anaphunzira kuluka malichero ndi madengu atatsamira chipupa, ndipo anawo anakulira pamaso pake. Anaona Idah akulandira Ukalistia woyamba, anaona Florence akuphunzira kusenza ndowa. Chimene ankafuna anachipeza, koma tsiku lobzala likafika, anthu onse atapita kumunda, ankasiya kuluka n'kumangoyang'ana manja ake. Selina sanadzikhululukire, ngakhale mwamunayo sanamunenepo ndi tsiku limodzi.

Patangotha sabata chigwere kumunda kuja, aTisiyenji anabwera pakhomo pake masana, anthu akuona, atapanira nkhuku m'khwapa. Anaiika m'manja mwa Damiano monga mwambo umalolera, kuti kuyambira tsikulo mpongozi ndi mkamwini azionana ndi kuyankhulana momasuka. Kenako anakhala pansi pambali pake namufunsa kuti wadzuka bwanji. Damiano anaigwira nkhukuyo nthawi yaitali akuiyang'ana. Inali kamsoti wamba, kamawangamawanga, kopepuka m'manja, koti kakanatha kuperekedwa tsiku lina lililonse pa zaka khumi ndi ziwiri zonse zija.