Miyala yoyera m'kanjira ka njinga

Masiku ano ndikamva pa wailesi akuluakulu akukambirana zoti njinga zikhale ndi njira yakeyake m'matauni, ndimangoseka chamumtima. Ife ku Mangochi tinali nayo kalekale, ndipo palibe anatimangira. Anaipanga ndi matayala. Msewu wa tala wochokera ku Nkopola kukalowa pa boma unali wopapatiza, moti malole awiri akakumana, imodzi inkachita kutsitsira mwendo kudothi. Tsono m'mbali mwake munali kanjira kosalala, kolimba ngati pabwalo lopunthira mpunga, kopondedwa ndi njinga za ogulitsa nsomba, amakala ndi aphunzitsi. Lole ikamabwera kumbuyo, wapanjinga sankacheuka n'komwe, poti aliyense anali ndi pake.

Amuna anga ankadutsa m'menemo m'mawa uliwonse. Akatuluka mu mzikiti ankatsikira kudoko kukapikula chambo kwa asodzi, n'kumanga dengu pa kaliyala, ulendo wa kumsika wa pa boma. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Nkhuku ikagona pampando wawo, iwo ankakhala pansi. Ndinkawakonda choncho, koma masiku ena ndinkalakalaka nditawagwedeza.

Chaka china kunamveka kuti Mwini dziko akubwera kudzayendera mbewu kwathu. Tcheyamani wa chipani m'dera lathu, bambo wamimba amene chilandirireni udindo anali asanakwereponso njinga, analamula kuti msewu uvale. Mitengo inapakidwa laimu mpaka m'chiuno. Amayife tinatuta miyala pamutu uku tikuimba, ndipo anyamata a malaya ofiira, omwe aja ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi a chipani, anaindandalika m'mbali mwa msewu n'kuipaka laimu. Malo amene anasankha anali pakanjira ka njinga penipeni, chifukwa ndi pomwe panali posalala, posavuta kukokapo chingwe kuti mzere uwongoke. Kuseri kwa miyalayo kunali ngalande ndi minga basi.

Kunena zoona msewu unakongola. Koma apanjinga onse anayenera kukwera pa tala, kukalimbirana malo ndi malole ndi mabasi. Tinkatonthozana kuti n'zamasiku ochepa, mlendo ndi mame. Mame akewo sanagwe n'komwe. Tinaphunzira nyimbo mpaka mawu kusasa, kenaka tinangomva kuti ulendo wasintha, abwera tsiku lina. Tsikulo silinatchulidwe.

Nanga ndani akanachotsa miyala? Kuchotsa mwala kunali ngati kulengeza kuti Mwini dziko sabweranso, ndipo wolengeza zoterozo akanayenera kufotokoza amene wamuuza. Tcheyamani mwiniwakeyo ankaiopa kuposa ife. Mvula ikagwa laimu n'kusuluka, anyamata ankabwera ndi zidebe kudzapakanso. Mkulu wina wamakala anagunda mwala umodzi n'kuugubuduzira m'ngalande. Anamusenzetsa mwalawo mpaka ku ofesi ya chipani, ndipo anakagona kumene sitinkafunsa. Atabwerako anagulitsa njinga, n'kuyamba kupereka moni kwa aliyense, ngakhale ana.

Ine mtima unasiya kukhala m'malo. Amuna anga akanyamuka ndinkangomvetsera malole akulira pamsewu, ntchito osagwirika. Tsiku lina akumanga dengu ndinalephera kupirira.

"Bambo a mwana, bwanji osadzera kumunsi, njira ya m'midzi?"

"Mchenga umene uja, ndi dengu? Ndikafika nsomba zitaola."

"Ndiye lole ikakupanikizani muzikhotera kumiyalako. Mwala sulira."

Anayamba ayang'ana kukhomo asanandiyankhe, m'nyumba mwawo momwe. "Mayi, pakamwa panupo mudzatipachika. Mulungu ndiye amasunga, inshallah."

"Mulunguyo anakupatsaninso mahandulo."

Anaseka pang'ono, kuseka kopempha kuti nkhani ithe, n'kukankha njinga. Ndinakwiya tsiku lonse, koma ndinalibe womukwiyira amene ndikanamutchula dzina mokweza.

Ngozi inachitika m'nyengo yotentha, dzuwa litangokwera. Amene anabwera kudzandiuza ndi mnzawo wogulitsa usipa, yemwe ankapalasa pambuyo pawo tsiku limenelo. Anafika malaya atang'ambika, minga ili thupi lonse, ndipo anafotokoza ataimirira, madzi osalandira. Anati polowa pa boma, pamene msewu umakhota, basi inkachokera kutsogolo, lole kumbuyo. Pamalo pomwepo panali anyamata aja ndi zidebe zawo, akupaka miyala. Lole inaliza hutala. Iye sanaganize kawiri, anawolokera pamiyala, kumwaza iwiri itatu, n'kukagwera m'ngalande pamodzi ndi usipa wake.

"Nanga anzanu?" ndinamufunsa.

"Alamu, ndawaona ndi maso angawa. Anakhotera kumanzere bwinobwino, malo analipo. Ataona miyala ndi anyamata aja, anabwezanso mahandulo kumsewu."

Atanena zimenezi anandiuza kuti amuna anga ali kuchipatala cha pa boma, ali moyo. Iye sanandiperekeze. Anali ndi mlandu wa miyala itatu, ndipo tsiku lomwelo anawoloka Shire kupita kwa abale ake kutsidya.

Ndinayenda wapansi mpaka pa boma, pa tala, poti nanenso miyala ndinkailambalala. Pamalo pa ngozi ndinapeza mamba a chambo atamatirira pamsewu, ntchentche zili ng'waa. Njinga anali ataikokera kumbali, itapindika pakati. Mzere wa miyala unali utakonzedwa kale, woongoka, wonyowa ndi laimu watsopano.

Kuchipatala wapolisi anandilandira ndi ulemu wonse. Anandiuza kuti afufuza, ndipo apeza kuti wolakwa ndi wapanjinga chifukwa ankayenda pamsewu wa galimoto. Ndinamufunsa kuti nanga akanayenda pati. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwachifundo ndithu, ngati akundipatsa mpata woti ndibweze funso langa. Ndinalibweza. Ndinali ndi ana kunyumba.

Namwino ndiye anandiuza za mwendo. Anati wakumanja unaphwanyika moti panalibe chosoka, audula pansi pa bondo, ndipo eni ake sanadziwebe chifukwa mankhwala anali asanawathere. Ndinakhala pambali pa bedi. Chisoni chinalipo, koma ukali unkachiposa. Ndinakonza mawu ambiri oti ndiwauze akadzuka, ena oti mkazi sauza mwamuna wake pagulu.

Chakumasana anatsegula maso. Anayang'ana denga, kenaka odwala anzawo, kenaka ine. Anandikodola ndi chala kuti ndisendere. Ndinaweramira pafupi, poganiza kuti afunsa za ana, kapena za njinga, kapena chifukwa chimene bulangeti laphwera mbali imodzi.

"Mayi," ananong'ona, "miyala ija sindinaikhudze, eti? Akabwera muwauze kuti ine sindinaikhudze."

Ndinawauza kuti sanaikhudze, ngakhale umodzi. Anapumira m'mwamba, nkhope n'kumasuka, ndipo anagonanso tulo ta munthu wopanda mlandu. Pansi pa bulangeti anali asanayang'anepo.