Mayi Amene Ankayeza Makutu a Akalulu

Tsiku limene anamuuza kuti kafukufuku wake watha, mayiyu anali ndi kalulu m'manja. Mkulu wa dipatimenti yake pa yunivesite sanalowe n'komwe. Anaima pakhomo atatseka mphuno ndi mpango.

"Otithandiza ndi ndalama aja akuti sakuonapo phindu. Chipinda chino tikufuna kusungiramo mipando. Akaluluwa muone chochita nawo."

"Ndichite nawo chiyani, bwana?"

"Aa, mayi, si ndiwo zimenezi?"

Inu amene munagwirapo ntchito ndi mtima wonse koma eni ake osamvetsa kumene ikupita, nkhani iyi ndi yanu.

Anzake pa yunivesite ankamutchula kuti Anamakutu. Anakula akufuna udokotala wa anthu, koma mayeso anamukana, ndipo anakathera ku maphunziro a ziweto. Kumeneko funso limodzi linamukola: n'chifukwa chiyani akalulu amasiya kuswana kunja kukatentha? Amphongo amafooka, aakazi amabereka tiana tosakhalitsa. Komabe pankapezeka ochepa amene ankaswana bwinobwino, ndipo ambiri mwa iwo anali a makutu aataliatali. Anayamba kuwasankha, kuwakweretsa okhaokha, n'kumayeza makutu a ana awo ndi tepi ya telala.

Zotsatira zake zinkamuzunguza mutu. Chaka china zinkamuvomereza, chaka china zinkamutsutsa. Akalulu akewo analinso osapatsa chidwi, owonda miyendo, ubweya uli nyankhalala. Alendo akabwera ankathamangira kukajambula akalulu oyera, onenepa, ochokera kunja.

Kunyumba nakonso kunali kusamvana. Apongozi ake atamva kuti amafufuza za majini, dzina limene asayansi amatchulira tinthu ta m'thupi topatsira chibadwa, anakokera mwana wawo pambali. "Iwe, mkazi wakoyu akuweta majini? N'chifukwa chake sakunenepa!"

Tsiku lotsekalo Anamakutu analongedza akalulu ake m'makatoni. Atafika nawo kunyumba, mwini nyumba anati pamalo pake safuna fungo. Ndiye anayamba kugawa. Ena anapatsa bambo wosesa m'maofesi, ena mayi wogulitsa tomato pakona, ena kondakitala wa basi imene anakwera. Aliyense ankamuuza mawu amodzi: "Chonde musadye onse. Siyaniko wamphongo ndi wamkazi."

Anapeza ntchito yophunzitsa sayansi pa kasukulu kena. Koma Loweruka lililonse ankatenga tepi yake n'kuyamba kuzungulira makomo amene anagawako. Ankayeza makutu, kuona amene aswa, ndi kusinthanitsa amphongo kuti apachibale asakwerane.

Mwamuna wake, amene anali makaniko, anamufunsa tsiku lina akusamba m'manja.

"Amayi, tandiuzani zoona. Ntchito ija inatha kapena sinathe?"

"Inatha, bambo."

"Nanga tepiyo mukupita nayo kuti?"

Anamakutu anayang'ana tepi ija. "Inenso ndikudabwa," anatero, n'kutuluka.

Sizinali zophweka. Kwina ankapeza khola lili pululu, mwini wake akuti agalu anagwira, chonsecho chikopa chayanikidwa padenga. Kwina ankamutsekera chitseko poganiza kuti wabwera kudzalanda. Analemba zimene anapeza n'kutumiza ku magazini a asayansi, koma ankamubwezera ndi mafunso amene iye mwini sankatha kuyankha. Magazini ina yaing'ono inasindikiza, ndipo panalibe amene anatchulako. Nthawi zambiri ankabwerera kunyumba mapazi atatupa, akudzifunsa ngati ndi wasayansi kapena wangosokonekera mutu.

Patapita zaka, kunabwera dzuwa loopsa. Malata ankatentha ngati chiwaya, nkhuku zili kukamwa yasaa pamthunzi. M'mawa wina ali m'kalasi, mphunzitsi wamkulu anasuzumira pakhomo. "Madamu, kuli alendo. Akuti akufuna mayi wa akalulu."

Anamakutu anaganiza kuti akalulu ake afalitsa matenda. Muofesi anapeza mlangizi wa ziweto atakhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Ngati adwalitsa anthu, wogawa ndine," anayamba Anamakutu. "Musavutitse wina aliyense."

"Adwalitsa ndani?" mlangiziyo anadabwa. Kenako anafotokoza. Bungwe lake linagawa akalulu oyera ochokera kunja kwa mabanja osauka, koma chaka chimenecho palibe ngakhale mmodzi amene anaswa. Chodabwitsa chinali chakuti m'makomo ena, m'dera lomwelo, makola anali thothotho ndi tiana ta akalulu ena, owonda, a makutu ngati a abulu. "Ndikafunsa, uyu akuti anatenga kwa mnansi wake, mnansiyo akuti kwa mlamu wake, mlamuyo akuti kwa kondakitala. Kondakitalayo ndi amene wandilozera kuno. Akuti kuli mayi wina, mundikhululukire, wosamvetsetseka."

"Ndiye mwabwera kudzandimanga kapena kudzatani?"

"Tabwera kudzapempha mbewu, mayi."

Anamakutu anakhala pansi. Iye ankadziwa makomo amene ankayendera okha. Sankadziwa kuti akalulu ake anadutsa m'manja ambirimbiri mpaka kufika m'madera amene sanapondeko.

Yunivesite inamuitananso. Ofufuza atayeza magazi a akaluluwo ndi makina amakono, anapeza kuti makutu ankathandiza pang'ono chabe potulutsa kutentha. Mphamvu yeniyeni inali m'chibadwa china chimene mpaka pano akuchifufuzabe. Zaka zonsezo Anamakutu ankasankha akalulu oyenera pa chifukwa cholondola theka. Atamva zimenezi anaseka mpaka misozi, ophunzira ake osadziwa ngati amupepese kapena amuyamikire.

Lero mtundu wa akalulu umenewu ukuwetedwa ndi mabanja ochuluka. Ana amene ankamva nyama m'nkhani akuidya kwawo. Ofufuza a mbuzi ndi nkhuku akutsata njira yake yosankhira ziweto m'makomo mwa anthu, osati m'makola a yunivesite mokha, ndipo akalemba amatchula dzina lake.

Mwina inunso lero simukumvetsa chimene mukulimbikira. Abale akukufunsani, inu yankho mulibe. Dziwani kuti m'nkhungu munthu saona patali, koma pamene akuponda pamaoneka. Pondani pamenepo, mawa mupondenso. Kumvetsa kudzakupezani m'njira. Osataya mtima.