Hatchi ya bambo inawolera m'khola la ng'ombe

Mpaka lero ndikadutsa pafupi ndi khola la ng'ombe nthawi ya dzinja, ndimachita kulavula. Inu owerenga, ine ndinaphetsa hatchi ya bambo anga. Sindinagwire mpeni kapena nkhwangwa ayi. Ndinaiphetsa ndi ulemu wopusa.

Bambo anali akatekisiti kwathu kumapiri a Mphunzi. Mwendo wawo wakumanja unapuwala ali mwana, choncho mtunda unkawavuta. Wansembe wina wachizungu atauzidwa kuti achoke m'dziko muno mwamsanga, ndipo masiku amenewo munthu sunkafunsa kuti walakwanji, anawasiyira hatchi yake yaikazi, yofiirira, yofatsa kwabasi. Hatchiyo ndi imene inkawafikitsa ku katchalitchi ka kuseri kwa phiri kumene ankaphunzitsa ana ndi kutsogolera mapemphero. Anaimangira kachisakasa kuseri kwa nyumba, pansi pouma, ndipo m'mawa uliwonse ankainyamula mwendo umodziumodzi n'kumachotsa dothi m'ziboda ndi kamtengo.

Chaka china mvula itangoyamba, bambo anadwala chifuwa n'kugonekedwa m'chipatala ku Boma. Mayi anapita kukadwazika. Pochoka bambo anandigwira dzanja, analoza hatchi ija n'kunena kuti, "Mwanawe, chinthuchi chisaponde matope. Ng'ombe imapirira, ichi ayi." Ndinavomera ndi mtima wonse.

Ndiye kunabwera malume, a Jelevaziyo, mlongo wawo wa mayi. Paja kwathu bambo anali mkamwini, mwini mbumba anali malumewo, munthu wonenepa, wokonda kulamula ali chikhalire. Kwathu khola la ng'ombe silisesedwa. Ndowe zimaunjikana chaka chonse, ng'ombe n'kumaziponda, kuti pofika chilimwe papezeke manyowa a kudimba la mbatatesi. Malume anali atamva kuti ndowe za hatchi n'zamphamvu, ndipo zinkawapweteka mtima kuona ndikuzitaya kudzala.

"Hatchi ndi ng'ombe yopanda nyanga basi," anatero. "Kailowetse m'khola. Kapena mwana wa mlongo wanga wayamba kundiyankha?"

Ndinadziwa kuti akulakwa, koma ndinagwada n'kuti chabwino malume. Ndinali mtsikana wamkulu ndithu, wa nzeru zanga, koma ndinaikoka ndekha ndi chingwe iyo ikukana pakhomo la kholalo.

Inu owerenga, mvula ya ku Dedza mukuidziwa, imagwa mopanda manyazi, nkhungu osachoka. Kholalo linasanduka phala la ndowe ndi mkodzo lofika m'mawondo. Hatchi inkagona chiimire mmenemo. Ine ndinasiya kuyang'ana m'ziboda chifukwa zinkandinyansa kugwira, ndipo ndinkadzinamiza kuti poti ikudya ndiye kuti ili bwino. Kenaka inayamba kutsimphina. Kenaka kunabwera fungo. Silinali fungo la khola lomwe tinalizolowera, linali ngati la khoswe wofera kudenga.

Tsiku limene ndinalimba mtima n'kunyamula mwendo wakutsogolo, ndinasanza pomwepo. Pansi pa chiboda panali pofewa, pakuda, potuluka mafinya, ndipo chala changa chinangolowa. Mkatimo munali mphutsi zoyera, zonenepa, zikuyendayenda. Miyendo inayo inali chimodzimodzi. Chiweto chosalankhula chinangotembenuza mutu n'kundinunkhiza paphewa, ngati ndabwera kudzachithandiza.

Malume anati n'zazing'ono. Anakapempha oyilo wakuda wa kuchigayo n'kuthira m'zibodamo, ati ng'ombe zawo amazichiza choncho. Hatchi inanjenjemera thupi lonse. Ndinathamangira kwa alangizi a ziweto mobisa, koma atafika anangogwira mphuno n'kupukusa mutu. Anati chiboda china chayamba kuvuka, kuisunga n'kuizunza chabe. Anaipha madzulo omwewo, ndipo analamula kuti tiikwirire.

Apa ndi pamene ndinawadziwa malume anga. Alangizi atangopotoloka, iwo anaitana anzawo awiri, anaisenda, anadula miyendo yowolayo n'kuponyera agalu. Nyama yotsalayo anaikweza pa njinga m'madengu, n'kukaigulitsa kwa ootcha kanyenya ku Linthipe ati ndi ng'ombe. Anabwerako ataledzera, kukamwa kuli noninoni ndi mafuta, akundiuza kuti ndisalire, chiweto chatithandiza. Chiyambire tsiku limenelo nyama ya pamsewu sindiilawa.

Bambo atatuluka m'chipatala ndinawauza zonse ndili chogwada. Ndinkafuna andikalipire, kaya andimenye kumene. Iwo anangofunsa ngati inavutika nthawi yaitali, ndipo nditati inde, anatseka maso. Nanga kwa malume, mkamwini akanati chiyani pamudzi pa eni?

Lamulungu lotsatira anavala jekete lawo, anatenga ndodo, ati ayese ulendo wapansi wa ku katchalitchi. Anafika pamtsinje pokha, pamene mtunda umayambira. Anyamata anawapeza atakhala pamwala, buku la mapemphero lili pamiyendo, n'kuwabweza atawabereka kumsana ngati mwana. Patapita nthawi ku katchalitchi kaja anaikako munthu wina.

Inu owerenga, makamaka amene mwasungitsidwa chiweto cha wina, kaya hatchi kaya bulu, pogona pake pakhale pouma, ndipo muzinyamula mwendo n'kuona pansi, ngakhale pakunyanseni. Fungo likayamba, thamangirani kwa alangizi tsiku lomwelo, osati kwa odziwa zonse a pamudzi. Ndipo wamkulu akakulamulani chinthu chimene mukudziwa kuti n'choipa, gwadani, ombani m'manja, koma mukane. Ine ndinaopa kutchedwa wamwano kwa tsiku limodzi, ndipo bambo anga anakhala pakhonde mpaka imfa yawo, akuyang'ana phiri limene sanalikwerenso.