Akadzagogoda, Musamubweze

Ndimakumbukira nsalu ya maluwa ofiira imene mayi anaipachika pa waya pakati pa chipinda chathu ku Manyame Park. Mbali ina kunali bedi lawo, mbali inayo kunali ine, mabuku anga ndi chitofu cha parafini. Tinali maloja, anthu ochita lendi chipinda m'nyumba ya eni. Bafa linali limodzi la mabanja onse, ndipo mwini nyumba akakwiya ankakhoma mpopi ndi loko. Ndinali ku pulayimale, mwana woti aphunzitsi akandiloza ndinkayang'ana zala zanga. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kope, ndipo masamba a nyengo yozizira ya chaka chimenecho akungokamba za nyumba.

Penshoni ya malemu bambo inali itatuluka. Mayi anamva kutchalitchi kuti ku Zengeza 2 kuli bambo wina wokalamba, Msilamu wochokera ku Machinga, amene akugulitsa nyumba kuti abwerere kwawo. Oifuna anali ambiri. Wina anali wamalonda a magalimoto, wofuna kumanga zipinda za maloja kuseri ndi mpanda wautali wa konkire. Ngakhale ine ndinkadziwa kuti sitingalimbane naye.

Oyamba kupitako anali amalume. Iwo anabadwira konkuno, Chichewa chawo chinkathera pa moni. Ananyamula nkhuku yozizira ya m'sitolo ngati mphatso, ndipo anabwerera nayo ili m'pulasitiki momwemo.

"Mudhara uya anonetsa," anatero m'Chishona, kudandaula kuti mkuluyo ndi wovuta.

Mayi anagwira pakamwa. "Achimwene inu! Msilamu mukam'patse nkhuku yoti sakudziwa amene anaizinga? Ndiye mtengo mwafunsa muli chiimire pabwalo?"

Lamlungu lotsatira tinagula tambala wamoyo. Ndinamunyamula ine m'kombi, minibasi ya kuno, miyendo itamangidwa ndi kansanza, kamtima kake kakugunda pamkono panga. Nyumbayo inali yaying'ono, ya chitseko chobiriwira chosuluka, khonde lofiira lonunkhira polishi, ndi mtengo wa mapeyala umene nthambi zake zinkakhula malata mphepo ikawomba. Ndinaikonda mwamantha. Ndinkaopa kuiyang'anitsitsa, kuti ingaonekere kuti tikuifuna.

Mayi anagwada pakhonde, ine ndinagwada kumbuyo kwawo. Agogowo anatuluka atavala kofiya yoyera, analandira tambala ndi manja awiri, n'kufunsa kuti kwathu n'kuti. Mayi anati makolo awo anachokera ku Dedza. Anacheza mpaka dzuwa kupendeka, za mapiri ndi misika imene mayi anangoimva kwa amayi awo. Atandifunsa za sukulu ndinayankha m'Chishona, ndipo manyazi anandigwira mpaka m'makutu. "Bola ukumva, mdzukulu wanga," anatero akuseka.

Za nyumba mayi sanatchule n'komwe. Pobwerera ndinawakwiyira chamumtima, ndikuona ngati tataya tambala pachabe. Lero ndikudziwa kuti munthu amene wakhala m'nyumba moyo wake wonse safuna kuyamba ndi kumva mtengo wake.

Tinapitako kangapo. Mayi ankachapa makatani, ine ndinkasesa masamba a mapeyala. Tsiku lina galimoto ya wamalonda uja inangochoka kumene, fumbi lisanakhazikike, agogo anayamba okha nkhaniyo.

"Ndili ndi mwana wamwamuna," anatero. "Anapita ku Joni kalekale. Foni yake inaleka kulowa. Ku Machinga sanafikeko, amadziwa khomo lino lokha. Uyu akaika mpanda ndi geti ndi agalu, mwana wanga adzayesa kuti wasochera."

Mayi anatchula motsitsa mawu ndalama zimene anali nazo. Sanabise kuti n'zochepa poyerekeza ndi za wamalonda uja. Ndiye anawonjezera kuti, "Bambo, mpanda sitimanga. Chitseko chikhala chobiriwira chomwechi. Akadzabwera adzagona muno, adzadya, ndipo tidzamuuza kumene inu muli."

Ndinali nditagwira tsache. Agogo anayang'ana kumsewu nthawi yaitali.

"Akadzagogoda, musamubweze, mwana wanga," anatero. "Kaitaneni achimwene anu aja, tikalembe mapepala kukhonsolo. Koma asabwerenso ndi nkhuku."

Amalume anati mayi achita mwayi. Ine tsopano sinditcha zimenezo mwayi. Mayi analonjeza chinthu cholemera, ndipo akuchisenzabe. Nyumba zonse za mumsewu wathu zinabisala kuseri kwa mipanda, yathu yokha ndiyo ili pambalambanda. Akuba anatilowera, anzawo a mayi anawanena, koma chaka chilichonse mayi amagula penti yobiriwira.

Agogo ananyamuka mvula isanayambe, ndi sutikesi imodzi ndi mkeka wawo wopempherera. Ife tinasamuka tsiku lomwelo pa kalole kobwereka. Ine anandipatsa chipinda cha mwana uja. Kuseri kwa chitseko kunali msomali, ndipo pamsomalipo panali tayi yake ya sukulu, yofumbwa m'mphepete. Mayi anati ndisaichotse.

Madzulo amenewo ndinakhala pansi, msana utatsamira khoma langalanga, ndikumva nthambi zikukhula malata. Ndinkaganiza kuti munthu amene akuyembekezeredwa chotero sangachedwe, mwina afika Khirisimasi isanakwane. Sindinkamvetsa chifukwa chake agogo, pokwera basi, sanatiuze kuti tiziwaimbira foni, koma anangogwira dzanja la mayi. Ndinalemba m'kope kuti mawa ndikaweruka kusukulu ndikhala pakhonde ndi kuyang'ana kumsewu, kuti ndikhale woyamba kumuona, ndipo ngakhale manyazi andigwire bwanji ndimulonjera m'Chichewa: "Takulandirani, achimwene. Lowani, ndi kwanu kuno."