Mtima Umene Anausoka ku Joni

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinalephera kukwera kachitunda ka pa Muloza nditanyamula mayi mmodzi yekha pa kabaza. Mpweya unandithera, mayiyo n'kutsika kumayenda wapansi. Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga Esinala kuti ndikupita ku Joni kukafuna ntchito yosapalasa njinga.

"Pitani, bambo a Chisomo," anatero, "koma muziimba foni."

Ku Joni ndinkasamalira maluwa kwa mzungu wina wokalamba. Chaka chachiwiri ndinagwa pa kapinga, paipi ili m'manja. Madokotala anati kachitseko kena ka mumtima mwanga kanawonongeka ndili mwana. Ananding'amba pachifuwa n'kukakonza.

Patapita milungu ingapo kunabwera ululu wobaya mpaka paphewa. Anati kathumba kokuta mtima katupa, ndipo zimatero kwa ena akachitidwa opaleshoni. Ndinamwa mapiritsi, ndinachira, koma zinabwereranso, kenako kachitatu. Chagada sindinkagona. Ndinkakhala pa ndowa nditaweramira kutsogolo, ululu n'kuphwako. Thupi likatentha masana, ndinkaona nkhungu ikutsika m'phiri la Mulanje n'kulowa m'kachipinda kanga ka malata, minda ya tiyi ikuyandama kudenga, fungo la nanazi lili ponseponse. Panalibe wondifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Esinala ndinkamuuza kuti ndi chifuwa chabe. Ndikalephera kutumiza ndalama ndinkanamizira abwana. Iye ankanditumizira zithunzi za ana ataima pakhonde lopaka laimu, onse akumwetulira.

Nditadwala kachinayi, abwana anandigulira tikiti ya basi. Ndinafika ndi jumbo ya mankhwala ndi kalata ya kuchipatala. Pamene panali nyumba yathu ndinapeza mulu wa zidina, nandolo atamera m'chipinda chogona. Inagwa ndi mvula ya chaka chathacho. Khonde la m'zithunzi linali la mkulu wake wa Esinala, kumene iye ndi ana ankakhala, ndipo ana ankadya za geni ya matimati amene mayi awo ankakaoda ku Milange, kutsidya kwa malire.

"Bwanji osandiuza?" ndinafunsa Esinala atandipeza pamenepo.

Anamasula mabatani a malaya anga, n'kuyendetsa chala pachipsera, kuyambira m'munsi mwa khosi kutsika.

"Nanga ichi ndiye chifuwa chija?"

Tinakhala pa zidinazo nthawi yaitali, mitambo ikuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa phiri.

"Mawa tipita kuchipatala ndi kalata yanuyo," anatero. "Zidina ndiumba ndekha. Inu muzikhala pamthunzi, muzindiuza ngati khoma lapindika."