Ndinapambana mlandu wa magazi a Hawa

Ine pakamwa sindigonja. Funsani amayi ogulitsa usipa pamsika wa paboma, akuuzani kuti akandionera patali amayamba kubisa milu ikuluikulu. Funsani akabaza a ku Chiponde. Ndinanenererapo mbuzi mpaka mwini wake anandipatsa ndi chingwe chomwe, n'kundithokoza. Ndiye mlongo wanga atanditumira uthenga kuti Lamulungu kuli mlandu wa banja la mwana wake, ndinachapitsa mkanjo wanga woyera, n'kuuza mayi akunyumba kuti aphikiretu tiyi wa mkaka, ndikubwera nditapambana.

Mayina ndasintha, ndipo mlongo wangayo nyuzipepala sawerenga. Nkhani yake ndi iyi.

Mwana wa mlongo wanga, Asiyatu, anakwatiwa ndi Che Twaibu, msodzi wa ku Lungwena, amene anabwera kudzakhala kwathu monga mwa mwambo. Mwana wawo woyamba tinamuika m'manda asanakwanitse zaka zitatu. Wachiwiri ndi Hawa, wa zaka zisanu, kamtsikana ka maso achikasu, kamene kamati kakadwala kamalira kuti mafupa akukaluma. Kuchipatala anati ndi sikoselo, matenda a magazi, ndipo ndi akumtundu.

Mawu oti akumtunduwo ndiwo anayatsa moto. Mtundu wa yani?

Amake a Twaibu anayamba kuuza aliyense pamjigo kuti mimba ya Asiyatu ndi yoipa. Mlongo wanga sanalole. Ankhoswe anaitanidwa, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndine.

Ndinakonzekera monga ndimachitira ndikafuna kugula chinthu: kuyamba ndadziwa chimene wogulitsa akubisa. Ndinakhala masiku awiri pagombe la ku Lungwena, kugulira anthu tiyi, kufunsa ngati sindikufunsa. Ndinapeza chimene ndinkafuna. Twaibu anali ndi mkulu wake amene anamwalira ali wamng'ono, maso achikasu, manja ndi mapazi zikutupa.

Patsikulo ndinawasiya akuchimuna alankhule mpaka malovu aume. Ine sindiyamba kutchula mtengo. Atatha, ndinakhosomola pang'ono n'kutembenukira kwa amake a Twaibu.

"Amayi, pepani, ine ndine mbuli, mundiphunzitse. Munabereka ana angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Pano ndikuona asanu. Winayo watsalira kunyanja?"

Sindinawapatse mpata.

"Maso ake anali otani, amayi? Kapena tikafunse oyandikana nawo nyumba?"

Mayi uja anagwira pakamwa ndi nsonga ya mpango. Nkhoswe yawo isanalowererepo, Twaibu anaimirira.

"Amalume akunena zoona," anatero. "Matendawa ndi akwathu. Asiyatu alibe chifukwa. Ine ndikumumasula."

Basi. Mlandu wa miyezi n'kuthera pomwepo.

Inu amene mumagula nsomba mukudziwa: wogulitsa akavomera mtengo wanu woyamba osakanako n'komwe, mumayamba mwaitsegula makha n'kuinunkhiza. Ine ndimadziwa zimenezi kuposa dzina langa. Koma tsiku limenelo anthu ankandigwira chanza, mlongo wanga ankalulutira, ndipo sindinanunkhize kanthu. Lolemba Twaibu anamangirira chikwama pa njinga yake n'kubwerera kwawo.

Lachinayi linali tsiku la Hawa kukaonedwa kuchipatala. Mwezi ndi mwezi ankapita naye ndi bambo ake pa njinga ija. Tsopano njinga kunalibe, bambo kunalibe. Anatsala ndani? Wopambana uja.

Mayi wa ku labu, amene amatenga magazi, atafunsa kuti bambo a mwana ali kuti, ndinamufotokozera zonse, mwinanso ndinathirako mchere. Sanaseke. Anakankhira mpando pafupi ndi maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso.

"Bambo, takhalani apa. Tsinzinani diso limodzi."

Ndinaona tinthu tambirimbiri tofiirira, tina tozungulira ngati timandasi tophwatalala, tina topindika ngati mwezi umene timaufunafuna kumwamba Ramadani ikamatha.

"Amenewo ndi magazi a Hawa," anatero.

Anandiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani, ndipo ndikuuzani monga ndinamvera. Thupi lonseli, khungu, mnofu, mafupa, lamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Ndi ngati njerwa, koma njerwa zamoyo. Selo iliyonse imadya, imapuma, imataya zonyansa. Ili ndi kachikopa kake kamene kamasankha cholowa ndi chotuluka, mwina kuposa anyamata a pachipata cha malire ku Chiponde, poti ikoko sungakanyengerere. Pakati pake pali phata, ndipo m'phatamo muli malangizo a mmene munthuyo apangidwire, ngati kalata. Kalatayo analemba ndi anthu awiri: theka mayi, theka bambo.

Maselo ofiira a magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa. Akakhwima amataya ndi phata lomwe kuti mupezeke malo a katundu, ngati minibasi yozulidwa mipando. Katundu wake ndi mpweya. Ntchito yawo n'kuutenga m'mapapo n'kukausiya paliponse, mpaka kuchala chakuphazi. Abwinobwino ndi ofewa, amadzipinda n'kudutsa m'timitsempha topyapyala kuposa tsitsi. A Hawa, mpweya ukachepa, amauma n'kupindika, n'kukakolana pamalo opanikiza. Kutsogolo kwake mpweya sufika, ndipo kumeneko ndiko kuluma kwa mafupa kuja. Abwino amakhala pafupifupi miyezi inayi. Opindikawo masabata awiri kapena atatu aphwanyika. N'chifukwa chake magazi ake sakwana, n'chifukwa chake maso ndi achikasu.

"Ndamva," ndinatero. "Ndiye malangizo olakwikawo analemba bambo ake."

"Onse awiri."

"Koma gawo lalikulu ndi la bambo, eti?"

"Theka ndi theka."

"Sangaposeko ngakhale pang'ono? Mwamuna ndi mwamuna, mayi."

"Bambo, pano si pamsika. Akanakhala mmodzi yekha, bwenzi mwanayu akuthamanga panja ndi anzake osadziwa kanthu. Kuti adwale chonchi, walandira uku ndi uku. Kwanu kunalibe mwana wodwaladwala, wamaso ngati awa?"

Ndisanakane, dzina linandibwerera. Saidi. Mng'ono wanga Saidi, amene anatisiya ndili ndi zaka khumi. Ankalira miyendo. Tinati anamulodza a nyumba ya kuseri, ndipo mayi anga anamwalira asanawapatsenso moni anthu amenewo.

"Popanda kuyeza sindingalumbire za mng'ono wanuyo," anatero mayi uja ataona nkhope yanga. "Koma za Hawa ndikutsimikiza. Ndipo zonsezi ndinawafotokozera bambo ake chaka chatha. Anakhala pomwe mwakhalapo. Ndinawapempha kuti abwere ndi mayi a mwana, sanabwere nawo."

Abale anga, kodi ife tinayamba liti kufunira matenda mwini wake? Mwana akadwala, tisanafunse kuti timuthandiza bwanji, tayamba kale kufunsa kuti zachokera kwa yani. Kukakhala kusabereka, ndi mkazi. Ana akamafa, ndi mkazi, kapena nkhalamba ya kuseri. Ankhoswe, amene ntchito yathu n'kumanga banja, timapita kubwalo ngati tikupita kukagula ng'ombe, aliyense kufuna kubwerako ataponda mnzake. Ine ndinasangalala kuti ulendo uno wagwa ndi mwamuna, ndinadziona ngati woteteza akazi. Koma chimene ndinachita n'chomwecho chimene amake a Twaibu ankachita pamjigo, kungoti ine ndinachichita bwino, nditavala mkanjo.

Lachisanu titatuluka mumzikiti ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Lungwena, osanenerera n'komwe. Twaibu ndinamupeza pansi pa mtengo akusoka ukonde.

"Che Twaibu, munkadziwa."

Sanadzutse mutu. "Eya, amalume."

"Nanga bwanji munandisiya ndikubwebweta pamaso pa anthu?"

"Mumabwebweta bwino."

Ndinakhala pansi, pamchenga pomwepo, ndi mkanjo wanga.

"Mayi wa ku labu uja anandiuza kuti mimba iliyonse ya ine ndi Asiyatu ili ngati kuponya ukonde," anatero. "Atha kubwera wabwino, atha kubwera ngati Hawa. Ine manda ndinakumba kale amodzi, ndi manja awa. Wachiwiri mukumuona. Wachitatu ndimuyembekezere bwanji? Ndikananena kuti ndi tonse awiri, anthu akanamva dzina la Asiyatu lokha. Ndani akanamukwatira? Ine ndine mwamuna, chaka chamawa aiwala. Pano mudzi wonse ukudziwa kuti iye alibe chilema. Ndekha sakanandikhulupirira, amalume. Panafunika munthu ngati inu."

Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama kuti palibe anandigwiritsapo ntchito.

Ndinayesa ntchito yanga. Ndinati bwererani, tikaitanenso anthu, ndikabweze mawu anga. Anakana. Ndinati bwererani mwezi umodzi wokha, muone. Anakana. Ndinatsika mpaka sabata imodzi. Anangomwetulira n'kumapitiriza kusoka.

"Tsiku lachipatala ndizibwera kudzamutenga Hawa, tizikumana pamsewu. Lachinayi lija ndinaopa maso a anthu, sindidzabwerezanso. Azimwa madzi ambiri. M'mawa asamamusambitse madzi ozizira, amayamba kupweteka. Ndipo Asiyatu akadzapeza wina, akayezetse magazi onse awiri musanalandire kalikonse. Pamenepo ndiye mukalimbe pakamwa, amalume. Musadzatsitse."

Atatero anatembenukira kumbali, n'kumayang'anitsitsa mfundo ina ya ukonde imene inalibe vuto lililonse.

Mpaka lero sindinawauze kwathu. Ndikanena, ndiphwanya chimene munthuyu wagula ndi banja lake. Ndikakhala chete, Asiyatu apitiriza kukhulupirira kuti mwamuna wake anamubisira matenda n'kuthawa. Mlongo wanga akuyendabe m'mudzi kusimba mmene achimwene ake anawakhalitsira pansi a ku Lungwena, ndipo anthu akandiona amandiitana kuti loya.

Dzulo Hawa anandigwira chala n'kundifunsa kuti, "Agogo, amayi akuti munawina. Ndiye ababa abwera liti?"

Ndinamuuza kuti amwe madzi.

Inu awerengi, amene mulibe mbali pankhaniyi, tandiuzani: pa bwalo lija, anapambana ndani?